Bambo ndi a tambala, malume ndi a chimanga, nanga mwana ayankhule liti?

Kalata iyi inandipeza pa imelo Lamlungu lina usiku, ndipo ndakhala nayo masabata awiri osayankha chifukwa inakanda pamene panali chipsera changa chakale. Wolemba ndi mtsikana wa zaka 23 wa cha ku Khombedza, kuno ku Salima. Anapempha kuti dzina ndisatchule, ndipo ndadulamo zina zimene zikanamuulula.

"Ankolo, kwathu sikuli bwino chichitikireni chisankho cha mu September 2025. Bambo anga ndi a Kongeresi kuyambira kalekale. Malume anga, achimwene awo a mayi, ndi a DPP. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, malume anadutsa pakhomo pathu pa njinga yamoto atavala buluu, akuimba hutala. Kuyambira pamenepo sapatsana moni. Pa maliro a azakhali mwezi watha anakhala pansi pa mitengo yosiyana. Pa msonkhano wa banja ndinayesa kunena kuti ife ana ndi amene tikuvutika, poti ntchito kulibe kaya akulamula ndani. Bambo anati ndale si za ana. Malume anati, unabadwa liti iwe? Chinthu chokhacho chimene awiriwa agwirizana chaka chino ndi kundikhalitsa chete. Ine ndinavota, ndiponso ndine mlembi wa kalabu ya achinyamata kwathu. Kodi ndizingokhala duu poopa kuoneka wamwano, kapena njira ilipo?"

Achemwali, ndiulule kaye kuti pa mzere uja wakuti chimene agwirizana ndi kukukhalitsani chete ndinaseka mpaka mayi a kunyumba kuno anasuzumira kudzaona ngati ndili bwino. Kuseka kunatha msanga, chifukwa mwanena m'mawu ochepa zimene dziko lino lakhala likuchita kwa zaka 60. Zipani zathu zimatukwanizana pa chilichonse, koma ikafika nkhani ya wachinyamata zimamvana ngati mapasa. Abwere ku msonkhano, avale tisheti, akwere lole, avine mpaka fumbi koboo, koma maikolofoni asagwire.

Funso la malume anu lili ndi yankho, ngakhale sindikukutumani kuti mukawapatse. Ngati muli ndi zaka 23, munabadwa cha m'ma 2002, chaka cha njala ija imene inatikantha kwambiri kuno ku Salima, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Ndale zinakupezani muli kumsana kwa mayi anu, musanamere ndi dzino lomwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali asanakwane zaka 18. Malamulo amalola munthu kuvota ali ndi zaka 18, kuimira uphungu ali ndi 21, upulezidenti ali ndi 35. Koma pa 16 September paja, awiri amene anatsogola anali a zaka 85 ndi 70. A Peter Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 33. Amene anaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo, ambiri anali amsinkhu wanu.

Zonsezi ndi zoona, koma mukapita nazo kwa bambo anu ngati chibonga mudzangowonjezera moto. Tiyeni tione kaye kumene mawu akuti ndale si za ana anachokera, chifukwa ine ndikukana kuti ndi mwambo wa makolo athu.

Amene anasonkha moto wa ufulu m'zaka za m'ma 1950 anali anyamata. Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume analowa m'nyumba ya malamulo ya atsamunda mu 1956 asanakwanitse zaka 30. Aleke Banda anali ndi zaka 20 zokha pamene ankathandiza kukhazikitsa Malawi Congress Party mu 1959, chipani chomwecho chimene bambo anu akuchifera lero. Chipembere, Chiume ndi anzawo anaona kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangamvere ana, ndiye anaitana munthu wamkulu, dokotala, kuti adzawatsogolere. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958. Pasanathe miyezi itatu dziko litalandira ufulu mu 1964, nduna zachinyamata zija zinayesa kumuuza mkuluyo zimene sizinkayenda, kuphatikizapo nkhani ya tiki, kandalama kolipira ku chipatala cha boma. Iye ankakonda kuwatchula kuti anyamata ake. Mapeto ake ena anachotsedwa, ena anatula pansi udindo, ambiri anathawira kunja, ndipo ena anafera komweko. Msonkhano wa banja wa kwanu uja unachitikapo kale pa dziko lonse, ndipo unatha chimodzimodzi.

Kuyambira pamenepo tinaphunzitsidwa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Wachinyamata anapatsidwa ntchito ya miyendo ndi mikono, pakamwa ayi. A Yufi a malaya ofiira ankaima pa geti la msika kufunsa khadi la chipani. Apayoniya analipo mpaka asilikali anawalanda zida mu December 1993 pa Operation Bwezani. Nthawi ya UDF kunabwera ma Young Democrats, kenako tinamva za makadeti, ndipo zikwanje zinaonekanso m'misewu ya Lilongwe chisankho chapitachi chisanachitike. Mtundu wa malaya umasintha, ntchito ndi yomweyo. Palibe chipani chimene chinalamulapo dziko lino chingaloze chinzake chala pa nkhani imeneyi.

Ndinati pali chipsera changa. Pa 8 March 1992 kalata ya maepisikopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula mmene dziko linkayendera. Ine ndinali ndi zaka 13, ndipo sindinamve zambiri, koma ndinagwira chiganizo chimodzi n'kupita nacho ku mjigo madzulo, kukachinena mokweza kuti anzanga aone kuti ndine wodziwa zinthu. Nkhani inafika kwa bambo ine ndisanafike ndi ndowa. Anandidikirira kuseri kwa nkhokwe, osati pabwalo, n'kundipatsa khofi limodzi lokha limene ndinalandirapo kwa iwo moyo wanga wonse. Kenako anagwada kuti maso athu alingane, n'kunena monong'ona: "Iwe, ukufuna ndikafere ku ndende? Zimenezi si za ana." Manja awo ankanjenjemera. Masiku omwewo boma linali litalengeza kuti kupezeka ndi kalata ija ndi mlandu woukira, ndipo ophunzira a ku Chancellor College amene anaguba poichirikiza anatsekeredwa sukulu.

Ndiye bambo anu akamati ndale si za ana, n'kutheka kuti akuyankhula ndi mantha a nthawi imeneyo. M'badwo wawo unakula podziwa kuti pakamwa pa mwana pakhoza kuotchetsa nyumba. Mantha aja zifukwa zake zinatha mu 1994, koma chiganizo chinatsala, ndipo tsopano chimagwira ntchito ina, yotsekera mwana pakamwa akanena zowawa. Sindikuwaikira kumbuyo. Ndikungoti mukadziwa kumene minga inalowera, simufinya phazi lonse.

Bambo anga anali a tambala mpaka imfa. Ine nditakula, nditawerenga timabuku tingapo, ndinkalimbana nawo chaka ndi chaka. Ndinkawawerengera mayina a omangidwa popanda mlandu, za nduna zitatu ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, iwo n'kumangoti "wamaliza?" n'kutsegula wailesi. Tsiku lina, ndili ndi zaka za m'ma 30, tinali pakhonde tikusankha thonje, kupatula loyera ndi lothimbirira. Manja ali pa ntchito, maso osayang'anana. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma m'malo mowauza ndinawafunsa: "Bambo, inuyo panokha, boma lija linakuchitirani chiyani?"

Anakhala kaye chete, kenako anayamba. Anati chaka china anapita ndi thonje ku msika wa ADMARC, linayezedwa pa sikelo iwo akuona, analandira ndalama tsiku lomwelo, n'kugula njinga ndi malata asanu ndi atatu, fizi ya achimwene anga n'kutsalako. Anatchula mtengo wa njingayo mpaka matambala ake. Ndinaona kuti chipani kwa iwo chinali chaka chimenecho, chaka chimene anaima ngati mwamuna pamaso pa apongozi awo. Ine ndikamanyoza tambala, iwo ankamva ngati ndikunyoza njinga ija.

Ndinkaganiza kuti athera pomwepo. Koma anatola thonje lina, n'kulitembenuzatembenuza, n'kuyamba kunena za msuweni wawo wa Mboni za Yehova amene anakana kugula khadi mu 1972. Nyumba yake inaotchedwa ndi anyamata a m'mudzi momwemo, omwa nawo chitsime chimodzi, ndipo iye anathawa usiku ndi ana, osabwereranso. "Ine ndinaima apo," anatero bambo, akuloza ndi mlomo ngati malowo ali pabwalo pathu, "sindinayatse, koma sindinazimitse." Zaka zonse zija ndinkawaphunzitsa zoipa za chipani chawo, pamene iwo ankazidziwa kuposa ine, mpaka fungo la utsi wake. Pa mkangano sakanaulula. Anaulula chifukwa ndinafunsa, ndiponso chifukwa panalibe munthu wachitatu woti aone kuti agonja.

Malume anu nawo ali ndi chaka chawo. Sindikuwadziwa, koma ndikhoza kulota. Munthu amene anaona njala ya 2002 ndi ya 2005, kenako n'kulandira makuponi a feteleza wotsika mtengo nthawi ya Bingu, nkhokwe n'kudzaza mpaka chimanga china kugona pa mkeka, munthu ameneyo simungamuchotse ku buluu ndi nkhani za pa Facebook. Akafuna kuwaputa bambo anu adzatchula kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mizere ya mafuta, mtengo wa shuga ndi wa thumba la feteleza. Bambo anu adzabweza ndi tipeksi wa chisankho cha 2019, chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, anthu amene anawomberedwa pa 20 July 2011, ndi feteleza wa K4,495 wa chaka choyamba cha AIP, pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Chovuta n'chakuti onse awiri akunena zoona. Aliyense wanyamula theka la mbiri, ndipo theka limene wasiya ndi limene mnzake wanyamula. Inu amene simunalumbire kwa tambala kapena kwa chimanga ndi amene mungathe kunyamula zonse, ndipo n'chifukwa chake mumawasowetsa mtendere onse awiri.

Pali chinanso chimene simunalembe koma ndikuchinunkhiza. Kwathu kuno bambo ndi mkamwini, malume ndi mwinimbumba. Anthu awiriwa ubale wawo umakhala ndi kamchenga ngakhale kutakhala kuti kulibe chisankho. Dimba lija la kudambo analima ndani chaka chatha? Fizi yanu ya Fomu 4 analipira ndani, ndipo ndani anayamikiridwa? Mbuzi ya pa chinkhoswe cha achemwali anu inachokera m'khola la yani? Nthawi zambiri hutala ya pa njinga yamoto imakhala ikunena za dimba, chipani n'chovala chabe. Fufuzani mwakachetechete. Mukapeza kuti muzu ndi umenewo, dziwani kuti imeneyo si ntchito yanu. Ili ndi eni ake, ankhoswe ndi akuluakulu a mbumba, ndipo paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Inu musasenze mtolo woyanjanitsa amuna awiri a imvi. Chimene mukufuna inu ndi malo oti mawu anu atere.

Malo amenewo mwambo wathu unawasiya, kungoti si pa bwalo la msonkhano wa banja. Pamene munayankhulira paja panali povuta kuposa pena paliponse. Bambo akanakuvomerezani pamaso pa alamu awo, zikanaoneka ngati mwana wawo yemwe wawagwetsa. Malume akanakuvomerezani, zikanaoneka ngati akugwiritsa ntchito mwana wa mlongo wawo polasa mkamwini. Onse awiri analibe kothawira koma kukukhalitsani pansi.

Taganizirani za agogo aakazi, ngati alipo. Mdzukulu ndi agogo amaseleulana, amatchulana mkazi mnzanga, amanena zimene mwana sanganene kwa bambo ake. Chimene mwanong'oneza agogo pa mkeka usiku chimafika kwa malume m'mawa chitavala ulemu, ndipo malume sangafunse mayi awo kuti munabadwa liti. Taganizirani za adzukulu a kumanda. Ambiri ndi anyamata, koma tsiku la maliro akaima n'kunena kuti banja ili silibwera pa maliro a anzawo, mfumu yomwe imamvetsera, ndipo khasu silikhudza nthaka mpaka nkhani itakambidwa. Amayi athu ankadzudzula amuna awo ndi apongozi awo poimba pa mtondo, mudzi wonse ukumva, popanda woti wachita mwano. Makolo ankadziwa kuti wamng'ono ali ndi zonena, ndipo anamutsegulira makomo ake. Lakuti mwana akhale chete kotheratu ndi lamulo la ndale, linangobwereka chovala cha mwambo.

Ndiye kwa bambo anu pitani pa nthawi ya ntchito ya manja, muli awiri. Potokosa chimanga, popita ku dimba, pokonza njinga. Musayambe ndi Chakwera kapena Mutharika, mayina amenewo ali ngati belu, akangolira aliyense amathamangira ku mzere wake. Funsani za iwo. Anavota koyamba liti? Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ya nyali ya zipani zambiri ndi tambala wa chipani chimodzi, kumudzi kunali bwanji? Ali ndi zaka 23 ankadya chiyani, ndalama ankaipeza bwanji? Mvetserani mpaka amalize, ngakhale pamene mukuona kuti akukometsera. Kenako, osati tsiku lomwelo mwina, muwauze zanu mofanana ndi mmene iwo anakuuzirani zawo, ndi mitengo yake. Makalata ofunsira ntchito amene mwalemba ndi angati, thiransipoti yopita ku intavyu ku Lilongwe inadya zingati, anzanu a m'kalasi mwanu ali kuti lero: angati ali pa kabaza pa Kamuzu Road, angati anapita ku Joni, angati anakwatiwa chifukwa chosowa chochita. Munthu akhoza kutsutsa maganizo anu pa za chipani, koma mtengo wa minibasi umene mwana wake analipira sangautsutse. Timati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ine ndaona kuti a ana nawo amatero, bambo amakana masana n'kukagona nawo, pakatha sabata mudzamva akuwanena kwa anzawo pa bawo ngati ndi awo. Zikatero musawakumbutse kuti munanena ndinu.

Apa ena amsinkhu wanu andikwiyira, ndikudziwa. Adzati bwanji nthawi zonse wamng'ono ndiye azizembera, azisankha nthawi, azinyengerera? Funso lake ndi lolondola, ndipo kwa akuluakulu anzanga amene mukuwerenga ndikuti tichite manyazi. Mwana amene timamutuma kukatapa ndalama pa foni, kutiwerengera uthenga wa ku chipatala, kutilembera kalata ya kwa DC, tsiku la msonkhano timati sadziwa kanthu. Koma achemwali anandifunsa njira, sanandifunse chilungamo, ndipo njira yolowera m'nyumba ya bambo ako ndi pakhomo pamene pali potsegula.

Tsopano za kunja kwa banja, poti mwati ndinu mlembi wa kalabu. Ndinaitanidwapo ndi bungwe lina kukatsogolera zokambirana za akulu ndi achinyamata pa loji ina ku Senga Bay. Mlendo wolemekezeka anachedwa maola awiri. Atafika, aliyense woyankhula anayamba ndi kulemekeza mayina onse a kutsogolo, mmodzimmodzi, mpaka nthawi ya nkhomaliro inayandikira. Woimira achinyamata anapatsidwa mphindi zitatu kuti alakatule ndakatulo ya mtendere. Tinaomba m'manja. Kenako mtsikana wina wa ku Lifuwu anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chimene mavenda ogula mpunga amabwera ndi zidebe zofutukula m'mimba, zolowa mpunga wambiri kuposa muyezo, akuluakulu a m'mudzi akuona osanena kanthu. Linali funso lokhalo lenileni tsiku lonse. Ndipo ine, ine ndemwe, ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatithera, tikambirana pa gulu. Tinajambulitsa chithunzi, tinasainira alawansi, tinabalalika. Mpaka lero ndikadutsa pa Lifuwu ndimakumbukira nkhope yake akutsitsa dzanja.

Misonkhano ya mtundu umenewo pitani mukaitanidwa, Fanta mumwe, koma musayembekeze zambiri. Kumene zinthu zimagamulidwa ndi kosasangalatsa, kopanda alawansi: komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, ya dera ya ADC, komiti ya sukulu, ya mjigo, ya pa doko. M'makomiti a chitukukowa mumayenera kukhala oimira achinyamata, koma kawirikawiri mpandowo umapatsidwa kwa mwana wa mlongo wa wina amene sadzatsegula pakamwa, kapena kwa "wachinyamata" wa zidzukulu ziwiri. Kalabu yanu iufune mpando umenewo poyera. Misonkhano ya khonsolo yonse anthu wamba amaloledwa kukamvetsera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kutanthauza kuti mukhoza kulemba kalata yofunsa kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera lanu, zinagwira ntchito yanji, zingati, kontilakitala anali ndani. Mwina sadzayankha msanga. Lembaninso, musunge kope, tsiku ndi siginecha ya amene analandira.

Ubwino wa nkhani zoterezi ndi wakuti zilibe mtundu. Mlatho wokokoloka sufunsa khadi. Mwana wa bambo wa tambala ndi mwana wa bambo wa chimanga onse amavula nsapato pa mtsinje womwewo. M'kalabu mwanu ndikhulupirira muli a zipani zonse, ena a UTM amene mtima unasweka ndege ija imene inanyamula mtsogoleri wawo, a Saulos Chilima, itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, ena amene sanavote n'komwe poti anataya chikhulupiriro. Musawafunse kuti asiye zipani zawo. Gwirizanani chinthu chimodzi chooneka ndi maso, chimene mungachiloze ndi chala, muchitsate mpaka chitheke. Gulu lanu la WhatsApp likhale ndi lamulo lakuti kavidiyo kopanda tsiku ndi malo sikatumizidwa, chifukwa timavidiyo timeneti ndi timene tikudanitsa anthu kuposa misonkhano ya zipani. Ndipo wandale akabwera ndi mpira ndi yunifomu nthawi ya kampeni, kumbukirani kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Kalabu imene yalandira mpira wa phungu singathenso kumufunsa za mlatho.

Ndimakonda kupereka chitsanzo cha ku Mbenji, chilumba chija cha kwa Makanjira. Akuluakulu a kumeneko anaika malamulo awo kalekale: nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa, kuyambira mu December mpaka cha mu April, mowa ndi njuga n'zoletsedwa. Utaka ukupezekabe kumeneko pamene madoko ena akulira, ndipo akatswiri amachoka kutali kudzaphunzira. Apo ndiye mawu a akulu anagonera n'kukoma, ndipo wachinyamata amene amati zonse za akulu n'zachikale apite akaone. Koma pitaninso pa nyanja usiku, pamene akuponya ukonde wa chilimira. Amene amakhala m'bwato la nyali, siginala, nthawi zambiri ndi mnyamata. Iye ndi amene amaona mmene nsomba zasonkhanira, ndipo akati ponyani, onse amaponya. Mwini ukonde, ngakhale akhale wa imvi, safunsa kuti unabadwa liti kapena unavotera ndani. Amamvera chifukwa mnyamatayo akuona chimene iye sakuchiona ali kumtunda. Pa msonkhano wa VDC, mtsikana amene wabwera ndi pepala losonyeza kuti mjigo unalembedwa kuti unakonzedwa pamene ukadali wothyoka, ameneyo ndi siginala. Akhoza kumukalipira tsiku loyamba, koma ulendo wina adzamufunsa kuti pepala lija uli nalo?

Ndisakunamizeni kuti zonsezi zimatheka nthawi zonse. Alipo abambo amene ngakhale muwafunse mwaulemu wotani adzakuyankhani ndi msana. Alipo mafumu amene akaona mtsikana akufunsa za ndalama amayamba kufufuza kuti ndi mwana wa yani, watumidwa ndi chipani chiti. Inu poti ndinu mkazi mudzamva zoposa pamenepo, za ukwati, za kavalidwe, zoti mwakula mtima chifukwa cha sukulu. Musapite nokha ku misonkhano yotere, muzikhala atatu kapena anayi, ndipo mupeze mayi mmodzi wamkulu wolemekezeka m'mudzi woti azikhala pambali panu. Mukaona kuti nkhani yafika poopsezana, ibwezeni kaye, mupite nayo kwa a mpingo kapena a mzikiti, kapena ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu wawo. Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo tikufuna mudzakhalepo ndi mano onse.

Chotsiriza. M'kalata yanu yonse mayi anu mwawatchula kamodzi kokha, pofotokoza kuti malume ndi achimwene awo. Koma ndi iwo amene akuphikira mwamuna wa tambala m'mawa n'kukapereka moni kwa mlongo wawo wa chimanga madzulo. Pa maliro paja, pamene amuna anakhala mitengo yosiyana, iwo anali kophikira limodzi ndi akazi a malume, akuomola nsima mumphika umodzi. Munawafunsapo kuti iwo anavotera ndani?

Ine sindinawafunsepo mayi anga mpaka bambo atamwalira. Tinali kukhitchini patapita mwezi, akukazinga mtedza, ndipo ndinanena moseka kuti nyumba ino inali ya tambala kuyambira pa denga mpaka pansi. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kutakasa m'phale.

"Ndani anakuuza? Ine mu 1993 ndinavotera nyali."

Ndinatsala kukamwa yasa. Mayi amene ankavala chitenje cha nkhope ya Kamuzu, amene anavinapo pa misonkhano ya chipani ine ndikuona. Ndinafunsa ngati bambo ankadziwa.

"Ndinawauza usiku womwewo, tili pa mphasa."

"Ndiye anati chiyani?"

Anaphula mtedza, n'kuuthira m'lichero, n'kuyamba kuupikisa ndi chikhatho.

"Anati chabwino, koma palafini wa nyali yakoyo uzigula wekha."